Zikuto Zimene Ndinawotcha

Olemekezeka a wapampando wa bodi ya wayilesi ino pamodzi ndi mamembala anu. Olemekezeka mayi mkulu wa wayilesi, amene mwakhala pampando umene ine ndinakhalapo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndamva kuti mwendo wake wakumanzere ukadali wogwedera. Olemekezeka akulu a nthambi ya mapologalamu ndi ya nkhani. Aulutsi, amisiri a makina, alonda ndi okonza m'maofesi. Mwana wamkazi wa malemu a Singano pamodzi ndi zidzukulu. Inu nonse amene mwadzaza bwalo lino, ndi inu amene mukutimvera muli m'makomo mwanu, m'magalaja ndi m'zipatala: ndakulonjerani nonse.

Ndikuthokoza pondiitana kuti ndidzatsegule chipinda chosungiramo mbale za nyimbo zakale. Kalata yanu inati mwandisankha chifukwa ndine ndinabweretsa makompyuta pa wayilesi ino. Amene analemba kalatayo ndi waulemu kwambiri, mumukweze pantchito. Akuluakulu amene mwakhala mzere wachiwiri ndikukuonani mukuyang'ana pansi, pakuti mukudziwa chinanso chimene ndinachita. Ndichinena ndekha ndisanagwire sizasi yodulira riboni.

Achinyamata simunaimveko, koma Lamlungu lililonse masana kunali pologalamu yotchedwa Singano Pambale. Inkaulutsa nyimbo za rokenirolo ndi za chamba cha soul, zija makolo anu ankavina atavala nsapato zosongoka ndi mabuluku otambalala kumapazi, zija zinkachititsa bambo waulemu wake kugwedeza phewa ali ndi nyuzipepala m'manja. Ankaiyendetsa anali bambo wamtali, woonda, wosakonda zolankhula akachoka pa maikolofoni. Tonse tinkangoti a Singano. Mbale iliyonse ankaipukuta ndi kansalu asanaiike pa makina, ndipo nyimbo ikayamba ankakhala chete mpaka ithe. Muulutsi wolankhula nyimbo ili m'kati ankamuyang'ana ngati walavula pansi m'situdiyo.

Ine ndinafika kuno ndili ndi zaka makumi anayi, digiri m'chikwama, mtima uli pa kusesa chilichonse chakale. Choyamba kundinyansa chinali chipinda cha mbale, kumapeto kwa khonde, pafupi ndi chimbudzi. Munali mbale zikwi zitatu, zikuto zake zamapepala zong'ambika, zomatamata ndi selotepi, zonunkha chinyezi, mphemvu zikuchitiramo misonkhano. Chachiwiri anali a Singano eni ake. Lachisanu lililonse ankadzitsekera m'menemo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, akutembenuza zikuto chimodzichimodzi, osaika nyimbo ngakhale imodzi. Ndinalemba m'lipoti langa kuti mkuluyu amathawa ntchito.

Nditapeza kuti sanapiteko kutchuthi kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndinawakakamiza kupuma mwezi wathunthu. Atangotuluka pageti ndinaitanitsa zikuto zatsopano, zoyera mbee, zofanana zonse. Mbale tinazisamutsa mosamala, palibe imene inasweka kapena kukandika. Zikuto zakale tinaziunjika kuseri kwa nyumba ya jenereta, ndipo anayatsa machesi ndine. Musaganize kuti sindinaone kuti zinali zolembedwalembedwa ndi pensulo, kutsogolo, kumbuyo, mpaka m'kati. Ndinaona ndithu. Ndinkayesa ndi zolemba za munthu wosowa chochita.

Atabwerako kutchuthi ndinawatengera ndekha m'chipindamo, ndikudikira kuthokozedwa. Anasolola mbale imodzi natembenuza chikuto chake, anasololanso ina, mpaka zinakwana zisanu.

"Bwana, zakale zija mwaziika kuti?"

"Tinawotcha, a Singano, zinadzaza mphemvu. Koma nyimbo zonse zilipo, palibe imene yatayika."

"Nyimbo zilipodi," iwo anatero. "Nanga eni ake?"

Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa ntchito ya Lachisanu. Womvera akalemba kalata yopempha nyimbo pa chinthu chachikulu, kaya ukwati, kaya kubadwa kwa mwana, kaya imfa, a Singano ankalemba pa chikuto cha mbaleyo dzina la wopempha, dzina la womupemphera, ndi tsiku lake. Makalata sankasunga, ankabwera ochuluka zedi. Lachisanu ankafufuza masiku amene akugwera m'sabata imeneyo, ndipo Lamlungu ankaika nyimboyo natchula dzina, mwini wake osapemphanso. Anachita zimenezi chaka ndi chaka kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Palibe anawatuma, palibe anawayamikira, ndipo mayinawo sanalembedwe pena paliponse.

Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anaulutsanso mapologalamu awiri opanda dzina la munthu, kenako anasiya makiyi patebulo panga pamodzi ndi kalata ya mizere itatu. Ine ndinakauza bodi kuti mkuluyu walephera kuyenda ndi nthawi, ndipo pampando pawo tinaikapo wina.

Patatha miyezi itatu, Lolemba m'mawa, mlembi wanga analowetsa mayi wina mu ofesi. Anali wosoka zovala, tepi yoyezera ili m'khosi, ataiwala kuivula.

"Bambo, sindinabwere kudzadandaula ayi. Ndangofuna kumva ngati a Singano ali bwino. Dzulo ndinakhala pa wayilesi mpaka pologalamu kutha, nyimbo ya amuna anga osamveka. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sanaphonyepo."

"Anapuma pantchito, mayi. Ingotchulani dzina la nyimboyo, tikuikirani Lamlungu likudzali."

"Dzina sindilidziwa, ndi yachingerezi. Ankaipempha ndi malemuwo, nthawi imene ankandifunsira. Atamwalira ndinangolembera a Singano kuti uja ankandipemphera nyimbo watisiya, iwo anaidziwa okha. Imayamba chonchi."

Anaiimba chapansipansi, milomo ili yotseka, maso ali pawindo. Ine maso anga anali pa wotchi, pakuti otsatsa malonda ankandidikira m'chipinda chamisonkhano. Ndinawauza kuti asiye dzina kwa mlembi, tiona chochita. Anaimirira, anandithokoza mwaulemu, ndipo anadutsa patebulo pa mlembi osaima. Ine dzina sindinawafunse.

Olemekezeka, pa ntchito yanga yonse ndalandira mendulo ziwiri, ndatsegulapo masitudiyo ndi nsanja zoulutsira mawu, koma ndikakhala ndekha sindikumbukira zimenezo, ndimakumbukira msana wa mayi aja akutuluka pakhomo. Zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Chaka chatha, mayi mkulu atandiuza za chipinda chino, ndinalimba mtima kupita kwa a Singano, koyamba m'zaka makumi awiri. Mwana wawo ali apayu ananditsegulira, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Lowani, koma musawatopetse bambo anga." Ndinawapeza pakhonde lakuseri atafunda bulangete, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapepesa ndili chiimire.

"Mwachedwa, bwana," iwo anatero, "koma khalani pansi."

Ndinatulutsa kope ndi pensulo. Kwa masabata asanu ndi limodzi ndinkapitako, iwo akukumbukira, ine ndikulemba. Nthawi zina dzina linkabwera lopanda nyimbo, nthawi zina nyimbo yopanda dzina, ndipo ankamenya mkono wa mpando chifukwa chokwiya ndi mutu wawo. Tinapeza mayina makumi anayi ndi limodzi. Onse analipo angati, iwonso sanathe kunena.

Ulendo womaliza ndinawauza za mayi wosoka zovala, ndipo ndinayesa kuwaimbira kanyimbo kaja monga ndinkakakumbukira. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Bwana, apo mwaphatikiza nyimbo zitatu, ndipo imodzi ndi yakutchalitchi."

Kuseka kutatha anasisita bondo.

"Osoka zovala analipo angapo. Amenewo anati dzina lawo ndani?"

Ndinatseka kope langa. A Singano anatisiya patatha masabata atatu.

M'chipinda chimene titsegulechi mupeza mbale zonse zikwi zitatu, makina awiri amene amisiri athu awadzutsa, ndi mipando yomvererapo. Ndikuthokoza bodi, ndikuthokoza mayi mkulu amene walonjeza kuti pologalamu ija ibwerera Lamlungu masana, ndipo ndikuthokoza banja la malemu polola kuti dzina lawo likhale pachitseko. Zikuto makumi anayi ndi chimodzi mupeza zitalembedwa ndi dzanja langa. Zina zonse ndi zoyera monga ndinazigulira. Ndapempha kuti pa shelefu iliyonse pakhale pensulo, kuti aliyense amene dzina lake linkatchulidwa, kapena la mayi ake, kapena la mkulu wake, abwere adzalembe pa chikuto cha nyimbo yake. Alonda, mukaona mlendo akulemba pa katundu wa wayilesi, musamugwire dzanja. Aulutsi achinyamata, mukaona mnzanu akuchita chinthu chimene simukuchimvetsa, mufunseni musanamulembe m'lipoti.

Tsopano mundilole, a wapampando, ndilankhule kwa munthu mmodzi. Mayi amene munabwera mu ofesi mwanga Lolemba lija, ngati muli m'bwalo lino, imirirani. Ndikhala nanu m'chipindamo, tizimvera mbale imodziimodzi mpaka tiipeze. Ndaona kuti tikamamvera makumi awiri patsiku zititengera miyezi isanu, ndipo tsopano palibe msonkhano umene ukundidikira. Ndidikira pang'ono.

Ayi, amene aimirira kumbuyoko ndi ojambula zithunzi.

Chabwino, palibe. Papita zaka zambiri, ndipo tsiku lija tsitsi lawo linali litayamba kale imvi. Koma mwina pali wina akundimvera, amene mayi ake ankasoka zovala, ndipo Lamlungu lina la mwezi wa Okutobala ankaimitsa makina osokera n'kuletsa aliyense kulankhula m'nyumba. Ngati ndinu, ndipo kanyimboko kanakhala m'khutu mwanu, bwerani mudzandiimbire. Mukandipeza pampando wapafupi ndi chitseko. Ndidzayamba ndakufunsani dzina la mayi anu.

Mwanangu, bwera kuno udzagwire sizasiyi pamodzi nane. Riboni ya chipinda cha bambo ako sindingaidule ndekha, dzanja langali linachita kale zake m'menemo.

Olemekezeka nonse, mwa mphamvu imene mwandibwereka lero, ndikulengeza kuti chipinda cha mbale cha a Singano tsopano chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.