Zimene Mwana Anakanena Kunyumba

Pa mzere wa fotokope, mayi wina ankangosuzumira mapepala amene bambo wa kutsogolo kwake anagwira. Kenako analephera kupirira.

"Pepani bambo, ndinu aphunzitsi? Chithunzi cha madzi osefukiracho ndachizindikira."

"Eya mayi. Ndi phunziro la kusintha kwa nyengo ndi zimene ana amaona pafoni. Koma mwina ndilisiya. Ana amangondiyang'ana duu."

"Musalisiye. Mwana wanga wamkazi anaonera vidiyo yoti dziko lonse limira iye asanakule. Anasiya kuwerenga. Ndikamufunsa amvekere, 'Amayi, mayeso ndilemberenji?' Nanenso mantha anali atandigwira."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Aphunzitsi ake anabwera ndi mapepala ngati amenewa. Anaphunzitsa anawo kuti akaona vidiyo azifunsa kuti waika ndani, anajambula liti, wadziwa bwanji. Atafufuza anapeza kuti vidiyo ija inali yolumikizalumikiza. Anawauzanso zoona, kuti nyengo ikusinthadi, koma zilipo zoti anthu angachite."

"M'kalasimo iyeyo anayankhapo?"

"Ameneyo? Ndi wamanyazi, anangokhala chete. Anadzalankhulira kunyumba, mpaka ndiwo zinandipserera ndikumvetsera. Pano akuwerenganso. Ine ndikangoti nditumize uthenga pagulu la achibale pafoni, amayamba wandifunsa, 'Mwautenga kuti?'"

Bamboyo anaseka, n'kuyang'ananso mapepala ake.

"Mwandithandiza, mayi. Ife za kunyumbazo sitizimva."

"Aphunzitsi akewo sindinakumane nawo. Ndiye zikomo wawoyo mulandire ndinu."