Mipeni ya Mayi Rinske Inanoledwa ndi Dzanja la Wina

Abale ndi anansi, ine ndine Jelle Hoekema, mlongo wawo wa malemu. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndinena monga zinalili. Mu Febuluwale 1974, Bambo Wybren Kalsbeek, mphunzitsi wawo wa masewero otsetsereka pa ayezi, anawalakwira malemuwa, Mayi Rinske. Ndayamba ndi zimenezi kuopa kuti ena angazisiye.

Malemu anabadwira m'mudzi muno mwa Wergea pa 9 Januwale 1951, sabata imene ngalande zonse zinaundana, moti mzamba anafika chotsetsereka pa ayezi, atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi kwake. Anali achitatu mwa ana asanu. Sukulu anayamba mu 1957. M'nyengo yachisanu ankapitako chotsetsereka pa ayezi, nkhungu ili mbuu, ife am'mbuyo tikungomva mipeni ikulira kutsogolo, eni ake osaoneka. Ankanena kuti nsomba zimawatsatira pansi pa ayezi, ndi kuti akathamanga kwambiri, matchalitchi a m'midzi ndiwo amayandama kubwera kwa iwo.

Bambo athu anawaphunzitsa lamulo limodzi: mipeni yako nola wekha, ukatha upitepo ndi kamwala kakang'ono kuchotsa timinga tachitsulo totsalira m'mphepete, kenaka uyese ndi chikhadabo.

Mu 1965 anasiya sukulu n'kuyamba ntchito ku fakitale ya tchizi, koma mipikisano ya pa ayezi sanasiye. Mu 1974 anasankhidwa kupita kunja, kudziko lamapiri, ku mpikisano wa dziko lonse wa liwiro lalifupi: mamita 500 ndi 1000 tsiku loyamba, mawa lake kubwerezanso. Tsiku loyamba linatha iwo ali achiwiri. Kutacha, iwo akumwa khofi, Bambo Kalsbeek anatenga nsapato zawo osapempha, ati mtsikana wa ku tchizi sangaudziwe ayezi wa kumapiri. Ananola mothamanga, kamwala kaja osapitapo. Malemu anazindikira atavala kale, koma anachita ulemu, sanatsutse munthu wamkulu.

Pa khona lomaliza la mamita 500, phazi lamanzere linawathawa. Ankasimba kuti sanamve kupweteka. Anangoona mapiri akuzungulira pang'onopang'ono, mbendera zili chadodolido, khamu la anthu lili kukamwa yasa koma mawu osamveka, iwo akutsetsereka chagada ngati tsamba pamadzi. Kwa anyuzipepala Bambo Kalsbeek anati mtsikanayo wagwa ndi mantha. Anyuzipepalawo analemba zomwezo. Malemu sanasankhidwenso.

Pa 3 Juni 1977 anamanga banja ndi Bambo Auke Terpstra, mlimi wa ng'ombe za mkaka, amene anatsogola mu 2009. Kwa zaka makumi atatu malemu ankaphunzitsa ana a m'mudzi muno kutsetsereka pa dambo la kuseri kwa tchalitchi. Ambiri mwa inu munadutsa m'manja mwawo, ndipo mukudziwa kuti mwana wobwera ndi mipeni yonoledwa ndi bambo ake ankabwezedwa.

Mu 2019 anayamba kuiwala. Mayina athu anawataya limodzilimodzi, langa lomwe. Koma akagona masana, mapazi awo ankakankha pansi pa bulangeti, kumanja, kumanzere, ndipo akadzuka ankafunsa anamwino ngati ayezi walimba, ngakhale pakati pa chilimwe. Anatisiya pa 21 Novembala 2023, ali ndi zaka 72.

Asiya ana awiri, Sietske ndi Hidde, zidzukulu zinayi, ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene ankawayankha kuti inde, walimba, a banja la Boonstra amene ankakama ng'ombe ife tili ku chipatala, ndi abusa. A bungwe la masewero amene atumiza nkhata yaikulu ya maluwa, taiona. Tikachoka kumanda kuli khofi ndi keke ku holo. Mzimu wa Mayi Rinske uuse mumtendere.

Bambo Kalsbeek ali ndi zaka 91, ndipo akhala pa mzere wachitatu apo. Mpaka lero amanena kuti anali mantha.