Mdzukulu Wanga Si Beseni

Inu a pa wailesi, nkhaniyi muiwerenge mokweza, chifukwa mwini wakene sindinong'ona. Ndine nkhalamba ya ku Nkhotakota, ndakalamba ndikusoka maukonde, ndipo ndalemba ndekha ngakhale sukulu ndinalekera sitandade 2.

Mdzukulu wanga wamkazi anabadwa ndi mlomo wong'ambika mpaka pamphuno. Akamayamwa mkaka unkatayika, mwana n'kumangowonda. Kuchipatala anatitumiza ku Blantyre, ati kuli dokotala wa pulasitiki. Nditamva mawu amenewo ndinakanitsitsa: "Mdzukulu wanga si beseni loti mulimate ndi moto!" Ndinamutsekereza pakhomo miyezi iwiri, mpongozi wanga, mayi wa mwanayo, akungolira.

Kenaka ndinapita nawo, kuti ndikakanire pamaso pa dokotalayo. Ndinapeza kuti dokotalayo ndi mayi, atazunguliridwa ndi ophunzira awo. Ndinalalata mpaka wodi yonse inamva. Adokotalawo anangondifunsa kuti, "Agogo, ukonde ukang'ambika mumamatapo jumbo?"

"Jumbo? Ndimakoka maso ake omwewo n'kuwalumikiza."

"Ndiye ntchito yathu ndi imodzi. Inenso ndakhala ndikusoka choncho zaka zonsezi, ndi mnofu wa mwana mwiniwakeyo, osati pulasitiki." Anatembenukira ophunzira aja n'kunena kuti, "Mwawamva agogowa? Phunziro la lero ndi limenelo."

Opaleshoni itatha, ndinayang'anitsitsa msokowo ngati mmisiri mnzawo. Polakwika sindinapaone.

Miyezi iwiri ija imandiwawabe, choncho okalamba anzanga, mawu achizungu akakuopsani yambani mwafunsa tanthauzo. Lero mwanayu ali ndi zaka zinayi, wonenepa bwino. Akaitana kuti "Agogo!" amamveka mpaka kumsewu, ndipo anthu amadandaula kuti watengera ine.