Galu Amene Anatseka Paipi

M'chaka changa chachiwiri chophunzitsa Chingerezi ku Talavera, paipi ya m'bafa inatsekeka ndi tsitsi, ndipo ndinatsikira kukhitchini kukauza eni nyumba, Mayi Sagrario. Mayi amenewa anandipatsa chipinda eni nyumba ena asanu atandikana, ndipo anandiuza kuti akadzangoona chiweto m'nyumba mwawo, ndidzalongedze tsiku lomwelo.

M'Chisipanishi tsitsi ndi pelo, galu ndi perro. Koma lilime langa linakulira kumene "l" ndi "r" amadyera mbale imodzi, ndipo makutu anga nawonso n'chimodzimodzi. Ine, munthu wolembedwa ntchito yowongola malilime a ana a eni, sindikanavomera zimenezo ngakhale atandimanga.

"Mwaswera bwanji, Mayi Sagrario? Madzi sakupita m'bafa muja. Muli perro."

Anaika pansi mpeni umene ankadulira anyezi. "Muli chiyani?"

"Perro."

"Wa ndani?"

"Wanga. Nanga n'kukhala wa ndani?"

"Maria Woyera! Mwakhala naye kuyambira liti?"

"Kuyambira ndili mwana."

"Ndiyetu ndi wokalamba."

Zimenezi zinandiwawa. "Sanakalambe, mayi. Wangoyamba kuchepa. Ndi madzi anu akunowa."

"Madzi athu alibe mlandu. Mumalowa naye bwanji muno ine osaona?"

"Amakhala m'chipewamu."

Anayang'ana chipewa changa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. "M'chipewa? Ndi wamng'ono choncho?"

"Wamfupi, wakuda, wopotanapotana."

"Ndipo pa ndege anakulolani?"

"Akanize ndani? Aliyense anali ndi wake."

"Ndege yonse?"

"Kupatula mkulu wina amene anakhala pambali panga. Wake anatha kalekale, wachisoni."

Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Nanga wanuyo mumamupatsa chiyani?"

"Mafuta basi."

"Mafuta okha?"

"A maolivi. Kawiri pa sabata."

"Kawiri pa sabata! Ndiye mukudabwa kuti akuchepa? Pano ali kuti?"

"Ndanena kale, m'paipi. Ndayesa kumusolola ndi waya. Wina watuluka, wina watsalira momwemo."

"Ndi waya!" Anagwira pachifuwa n'kukhala pampando. "Munthu wophunzitsa ana inu!"

Ndinaona kuti nkhani ya paipi yawakhudza kwambiri, ndiye ndinati ndiwakhazike mtima pansi. "Musadandaule, sizichitikanso. Loweruka ndikamudula yense, tithane nazo."

"Kumudula?"

"Ndi lumo. Kwa Eusebio, pakona paja."

"Eusebio amene amameta achimwene anga? Amachitanso zimenezo?"

"Tsiku lililonse. Mukapita madzulo mumapeza pansi ponse pali mbwee, akusesa."

"Chigawenga! Ndipo amayimba kwaya!" Anaimirira, n'kuvula epuloni. "Aphunzitsi, kalongedzeni. Lamulo ndi lamulo. Inuyo mutuluke lero. Perro atsale, ndimusamala ndine."

"Nditulukenso? Chifukwa cha paipi? Ndipo angatsale bwanji, poti kulikonse timapitira limodzi?"

"Atsala! N'chifukwa chake sindinamumvepo akuuwa. Angauwe bwanji ndi mafuta okha m'mimba?"

Kuuwa. Apa m'pamene zinandilowa. Ndinadziona ndikukoka sutikesi m'misewu ya Talavera, kugogodanso pa zitseko zisanu zija. Ndinachita mantha, sindinama. Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo, koma ine ndinakonza kolala.

"Mayi, simunandimve bwino. Sindinati perro. Ndati perro."

"Ndi zomwe ndikunenazo."

"Ayi! Tcherani khutu. Pali perro," ndinaloza pansi. "Ndiye pali perro," ndinaloza m'mwamba.

Anayang'ana kudenga. "Alipo awiri?"

Ndinafewetsa lilime mmene ndimawauzira ana m'kalasi. Chimene chinatuluka ndi pero, mawu amene kwa iwo amatanthauza "koma".

"Koma chiyani?"

"Palibe koma!"

"Mwanena nokha."

"Mayi Sagrario, ine ndine mphunzitsi wa zilankhulo. Ndili ndi mapepala. Vuto ndi makutu anu."

"Makutu angawa amva Chisipanishi zaka makumi asanu ndi awiri, mwana wanga, ndipo sanadwalepo." Anatenga thawulo, kanyama kotsala m'mbale ndi makiyi. "Patukani. Mwina akadapuma."

Ndinaima pakhomo. "Simupeza kanthu!"

"Ndiye mwamumaliza?"

"Palibe womumaliza!"

"Patukani, apo ayi ndiitana apolisi, ndipo Eusebio wanuyo akayankhanso."

Panalibenso kothawira. Chipewa chimenecho ndinali ndisanavulepo pamaso pa munthu chiyambireni dazi, ngakhale m'kalasi, ngakhale mwezi wa Julaye kukutentha ngati mu uvuni. Ndinachivula, n'kuweramitsa mutu, n'kuloza ndi chala.

"Uyu! Ndikunena uyu!"

Anaika thawulo patebulo, n'kuvala magalasi. Anandizungulira pang'onopang'ono, osathamanga, ngati akusankha vwende pamsika.

"Aaa," anatero. "Pelo."

Anatchula mosavuta, ngati si kanthu. Zaka ziwiri za mabuku, ndalama za dikishonale, zonse zinangopita ndi mphepo.

"Ndi zomwe ndakhala ndikunena," ndinatero.

"Simunanene zimenezo."

"Ndinanena."

"Tanenaninso."

Ndinangoyamba kupukuta chipewa changa.

"Ndiye galu kulibe?" anafunsa, ndipo ndinamva kuti akhumudwa pang'ono. Anayang'ana kanyama kaja.

"Kulibe, mayi. Sindinakhalepo ndi galu. Ndimawaopa."

"Waya uja?"

"Wa paipi."

"Eusebio?"

"Ndi munthu wabwino. Apitirize kwaya." Ndinayang'ana makiyi aja. "Ndiye chipinda chija ndikhalabe?"

Anandigwira chibwano, n'kutembenuzira mutu wanga kuwindo kumene kunali kuwala, n'kuyang'anitsitsa mpaka ndinamva dzuwa likuwotcha pa liwombo.

"Za galu ndavomera, mulibe," anatero, akukoka mpando. "Koma tsitsi mulibenso, aphunzitsi. Titsitsi tiwiri timeneti sitingatseke paipi yanga. Khalani pansi mundiuze bwinobwino, ndipo musafulumire: mkazi amene akumasamba m'bafa mwangamo ndi ndani?"