Mtedza wa mu Jombo

Chimuletsereni achipatala mafuta ndi mchere chifukwa cha bipi, dalaivala wina wopuma ntchito wakhala akulumbira kwa mkazi wake kuti pakamwa pake pamangodutsa masamba owiritsa. Lero galu wake Sajeni wasanza kuyambira m'mawa, msana uli chopindika, ndipo mkuluyu wamugoneka patebulo la dokotala wa ziweto, mayi wamagalasi amene chilichonse chimene wauzidwa amachitenga mmene chilili.

"Wadya chiyani?" anafunsa dokotala akusisita mimba ya galuyo. "Apa pakuoneka ngati kapamba watupa. Zimenezi zimabwera ndi mafuta. Nyama yonona, mtedza wokazinga..."

"Mtedza? M'nyumba mwanga? Adokotala, kwathu ngakhale mphemvu zinaonda."

"Chabwino, si mafuta." Dokotala anavala magulovesi. "Ndiye kuti wameza chinthu. Timujambula m'mimba, mwina timung'amba."

"Aa, dikirani kaye. Kung'amba kwabwera bwanji?"

"Mwanena nokha kuti mafuta sanadye."

Mkuluyu anayang'ana Sajeni, Sajeni naye anamuyang'ana ndi diso limodzi. Mtima unamuwawa, poti galuyu amamukonda kuposa alamu ake onse kuwaphatikiza. Koma mkazi wake amamuopa kuposa bipi.

"Tiyerekeze," anayamba akukanda kumutu, "kuti pali mnzanga wina. Ali ndi galu."

"Akusanzanso?"

"Kwambiri. Ndiye mnzangayo amasunga timtedza tamchere mu jombo, kugalaja."

"Mu jombo? Alibe kabati?"

"Kabati imatsegulidwa ndi akazi ake."

"Muimbireni abwere naye pompano. Galu ameneyo ndi wosavuta, dilipi ndi mankhwala basi. Wovuta ndi wanuyu." Dokotala anatenga makina ometera ubweya pokonzekera kung'amba.

"Ikani pansi chimenecho, chonde. Agalu awiriwa amafanana kwambiri."

"Ndi a mimba imodzi?"

"Eya... tingotero. Bwanji mankhwala a uyo mumupatse uyu?"

"Bambo, sindingapereke mankhwala a galu wodya mtedza kwa galu wodya masamba. Kapena ndifunse mayi kunyumba? Nambala yawo ndili nayo, ndi amene amabwera naye ku katemera."

"Ayi, ayi, akupuma. Mnzangayo akutinso mu jombo inayo munali mafuta a nkhumba okazinga, okulunga m'nyuzi."

"Ii, jombo zonse ziwiri? Nanga mvula ikagwa amavala chiyani?"

"Sayenda pamvula."

"Mumuuze kuti akupha galu wake. Ndipo ngati amadyanso yekha, akudzipha."

"Ndi munthu wamakani, samva."

"Akuoneka." Makina aja anayamba kulira, Sajeni n'kubuula. Ubweya woyamba utagwa pansi, mkuluyu anagwira dzanja la dokotala.

"Basi, basi. Mnzangayo ndine. Jombo ndi zanga, galu ndi yemweyu."

"Nanga wa mimba imodzi uja?"

"Kulibe! Wakuba ndi uyu. Ndikaika Lolemba, pofika Lachitatu mu jombo muli mbee. Koma chonde, mayi musawauze."

"Sindiwauza." Dokotala anazimitsa makina n'kuyamba kukonza dilipi. "Agona kuno. Akachira, mafuta ndi mtedza asadzalawenso, matendawa amabwerera."

Foni ya patebulo inalira. Dokotala anaipana ndi phewa, manja ali pa dilipi.

"Ee, mayi... Achira, musalire... Kuyambira liti?... Zonse ziwiri?... Chabwino, sindiwauza."

Mkuluyu anali ataima kale pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. "Akuti chiyani?"

"Akuti ndisakuuzeni."

"Adokotala, ine ndi mwamuna wawo."

"Inu mwati ndisawauze, iwo ati ndisakuuzeni. Ine pangano sindiphwanya. Koma za wodwala wanga palibe wandiletsa, ndipo ayenera kumva malangizo."

Dokotala anakonza magalasi, anawerama, n'kutukula khutu la galu uja.

"Sajeni, ulendo wina mayi akadzakukhuthulira za mu jombo m'mbale yako kuti bambo asafe, uzikana."