Zitini za a Wilbroad Daka sizigawidwa

Malemu a Wilbroad Daka anabadwa pa 9 Malichi 1946 ku Chadiza. Sukulu analekezera Sitandade 4, ndipo mu 1967 anabwera kuno ku Lusaka, nalembedwa ntchito yosamalira maluwa pa nyumba za kampani ina ku Kabulonga. Mu 1971 anamanga banja ndi mai Felistus ku mpingo wa Katolika, nakhazikika muno mu Mtendere.

Mu 1994 kampani ija inagulitsidwa, ntchito n'kutha. Anzawo ambiri anabwerera kumudzi. A Daka anatolera zitini zakale za saladi, mafuta ophikira aja, nayamba nazale ya maluwa m'mbali mwa msewu. Kuyambira pamenepo, chakudya cha pakhomo pano chakhala chikuchokera m'zitini zimenezo, ndipo ndikunena izi dala chifukwa tamva kuti achibale ena ayamba kale kuloza zimene adzanyamule pogawa katundu.

Malemu anali munthu wouma mutu pa malonda, tisabise. Munthu wa m'komboni akafuna bugenivila, ankayamba amufunsa kukula kwa bwalo lake, kenako n'kumukaniza. Ankati chomera chimenecho chidzakwera pa malata, chidzalowa kwa aneba, mapeto ake ndi milandu. Ankamupatsa ikisora kapena duranta, zitsamba zazifupi zolekeza m'chiuno, zopirira dzuwa la Okutobala, zokhutira ndi madzi otsukira mbale, zosafuna kubzalanso chaka ndi chaka. Ena ankachoka atakwiya, koma ambiri a inu mipanda yanu inachokera kwa iwo.

Mu Juni 1998 anachita sitiroko, dzanja lamanja n'kuleka kugwira. Ankakhalabe pa mpando pa nazale paja n'kumakangana ndi ogula monga kale, moti ambiri sanadziwe kuti wodula nthambi, wothira dothi ndi wotunga madzi kumpopi tsopano anali mai Felistus. Pa 2 Novembala anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya pa 6 Novembala 2000 ali ndi zaka 54. Zatiwawa kwambiri.

Ine mng'ono wawo ndinali pambali pa bedi. Anandiuza kuti zovala ndi njinga tigawane, koma m'zitini muja mulibe chomera ngakhale chimodzi chimene anabzala iwo, choncho palibe cha malemu choti n'kugawa pamenepo.

Asiya mkazi wawo, ana atatu, Isaiah, Sophie ndi Magdalene, komanso adzukulu asanu. Tikuthokoza a mpingo, aneba amene anabweretsa nkhuni ndi unga, ndi amai a gulu la Legio la mumpingo amene akhala akuthirira nazale masiku anayi onsewa osauzidwa ndi munthu.

Mai Felistus ati akatha masiku olira mudzawapeza pamsewu pomwe paja. Wofuna chomera adzagule.

Mzimu wa a Daka uuse mu mtendere.