Fumbi la M'matiresi ndi Kalata Imene Ndinataya

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Abusa, amayi abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata uno.

Ambiri mumandidziwa. Ndine bambo a Pemphero, a ku Tallaght, amene ndimaima pakhomo paja kulandira alendo. Umboni wanga lero si wa mapepala, si wa ntchito yatsopano. Ndi wa tchimo langa. Ndiye mundipirire, mwina mawu azindithawa.

Ndinafika m'dziko muno ndekha, wopempha malo okhala. Zaka sikisi ndinali ku hositelo, amuna atatu chipinda chimodzi. Akazi anga, mayi a Pemphero, anatsala ku Ndirande. Ankagulitsa kaunjika, n'kulera mwana wathu okha mpaka kum'fikitsa ku koleji. Mayi amene aja sankadziwa kugona masana. Ine ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe, abale anga. Ndinkazidziwa.

Mapepala atatuluka, ndinapeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndinapezanso kanyumba ka pansi, kachipinda chimodzi, kopanda kanthu m'kati. Nkhalamba ina imene ndinkaisamalira itamwalira, ana ake anandiuza kuti nditenge katundu amene ndikufuna. Ndinatenga matiresi aakulu, mapilo, sofa ya nsalu, makatani olemera, ndi kapeti yofiira imene phazi limalowa ukaponda. Zonse zinali zakale, koma kwa ine zinali ulemerero. Ndinajambula zithunzi n'kutumiza kumudzi. Ndinati, "Taonani nyumba imene ndakukonzerani."

Akazi anga anafika mwezi wa Okutobala, kukuyamba kuzizira. Ndinamata mipata yonse ya mawindo ndi tepi kuti mphepo isalowe. Hita inkayaka. Zovala tikachapa tinkayanika m'nyumba momwemo, chifukwa mvula ya kuno mukuidziwa. Magalasi a mawindo ankachita kuyenderera madzi.

Sipanathe mwezi, anayamba kuyetsemula. M'mawa uliwonse akangodzuka, kuyetsemula kakhumi, kakhumi ndi kasanu. Mamina chuchuchu, maso ofiira, oyabwa. Ndinati ndi chimfine cha alendo, chitha. Sichinathe. Kenaka chifuwa chinayamba kulira ngati mluzu. Ankadzuka atatopa ngati alima tsiku lonse. Chodabwitsa, tikabwera kuno ku tchalitchi kapena akapita ku mashopu, ankapezako bwino. Akabwerera kunyumba, zayambanso.

Apa ndi pamene Satana anapezera khomo mwa ine. Ndinayamba kuwerengera. Ndinati, bwanji kunja ali bwino, koma kunyumba, kumene kuli ntchito, akudwala? Mlongo wina anawapezera malo kukhitchini ya hotela. Anagwira masiku anayi, lachisanu analephera kudzuka. Ndinachita manyazi. Ndinaganiza kuti sakufuna dziko lino, akufuna kubwerera kwa mwana wawo, ndipo matendawa ndi njira yondikakamizira.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Bambo a Pemphero, bedi ili likundidwalitsa. Ndikangogonapo pakhosi pamatseka."

Ndinawayankha kuti, "Ku Ndirande munkagona pa chiyani? Lero matiresi a mzungu akuwawani?"

Anangondiyang'ana.

Ndipo sindinathere pomwepo, abale ndi alongo. Ndinabwera nazo kuno. Ena mwa inu mukukumbuka. Pa tiyi tikaweruka mapemphero, mukandifunsa za mayi, ndinkaseka n'kumati, "Aulesi awo, Ulaya wawalowa m'mafupa." Ndinanena kwa amuna anzanga. Ndinanena kwa amayi a chigwirizano. Ndinayenda nalo dzina la mkazi wanga ngati chinthu chosekera.

Iwo anapita okha kwa dokotala wa m'dera lathu. Dokotala anawapatsa kampope kopopera mankhwala m'kamwa akabanika, ndipo anati awalembera ku chipatala chachikulu kuti akawayeze chimene thupi lawo likudana nacho. Anati adikire kalata, ibwera pa positi, koma zimatenga nthawi.

Patapita miyezi, kalata inabwera. Ndinaipeza ndine m'bokosi la makalata, m'mawa, ndikupita ku ntchito. Inali ndi dzina lawo. Ndinaitsegula ndili pa siteshoni ya sitima ya Luas. Inatchula tsiku ndi nthawi, Lachitatu, teni koloko. Lachitatu ndinali ndi shifiti, ndipo iwo anali asanazolowere njira za m'tauni, ndiye ndinayenera kuwaperekeza. Mumtima ndinati, ndijombe ku ntchito chifukwa cha munthu wongoyetsemula? Ndinaipinda kanayi. Ndinaiponya m'bini. Sitima itafika ndinakwera, n'kukhala pansi bwinobwino ngati munthu wosalakwa.

Masabata otsatira ankandifunsa, "Kalata ija simunaione?"

Ndinkati, "Ayi. Zipatala za kuno n'zochedwa."

Ndinanama kamodzi. Ndinanama kawiri. Kenaka bodza linazolowera pakamwa panga.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Loweruka, dzuwa litawala. Amuna a mpingo uno tinagwirizana zopita ku Dún Laoghaire kukayenda pa doko ndi kupemphera limodzi. Ndisananyamuke, ndinapititsa chala pa tebulo, n'kuwaonetsa fumbi. Ndinati, "Munthu wokhala pakhomo tsiku lonse, nyumba n'kumaoneka chonchi?" Ndinatuluka.

Tili kumeneko, cha m'ma thu koloko, tikudya ayisikilimu, foni yanga inalira. Ndinaona kuti ndi iwo. Ndinaibweza m'thumba. Inaliranso. Ndinaitseka mawu. Ndinauza mbale amene ndinali naye pafupi kuti, "Ayambanso madandaulo awo." Kachitatu sindinaimve n'komwe.

Patapita ola, ndinaona nambala yachilendo yaimba kasanu. Nditaimbira nambalayo, anali Mayi Doyle, mayi wachikulire wa khomo loyandikana nafe. Anandiuza kuti apeza akazi anga atagwa pakhonde, akulephera kulankhula, milomo itasintha mtundu, ndipo ambulansi yawatenga.

Mukudziwa chimene chinachitika? Chifukwa cha mawu anga aja, anaganiza zoyeretsa nyumba yonse kuti ndikabwera ndisapeze chonena. Anatembenuza matiresi okha. Anakutumula makatani. Anagwada pa kapeti ija n'kumaikwecha ndi burashi, mawindo ali omata. Mpweya utayamba kuwathera, anapopa mankhwala, osathandiza. Anaimbira mwamuna wawo katatu. Mwamuna wawo anali kunyambita ayisikilimu.

Kuchoka ku Dún Laoghaire kukafika ku Tallaght ndi sitima ziwiri. Ulendo umene uja ndinayesa kupemphera. Ndinkangoti, "Ambuye, asafe ndisanawauze. Asafe ndisanawauze."

Ku chipatala ndinawapeza ali ndi chophimba cha mpweya kumaso, mapewa akukwera ndi kutsika. Atandiona anakweza dzanja pang'ono, ngati akupepesa kuti andisokonezera ulendo.

M'mawa mwake dokotala anabwera ndi faelo. Anati, "Pano zikuoneka kuti munaitanidwa kudzayezedwa miyezi iwiri yapitayo, koma simunabwere. Chinachitika n'chiyani?"

Akazi anga anati, "Kalata sinafike, adokotala."

Dokotala anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali ndi mpata wonena zoona, koma ndinakhala chete. Limenelo linali bodza lina, lonena ndi pakamwa potseka.

Atapezako mphamvu, anawayeza. Anadontheza timadzi tosiyanasiyana pa mkono n'kubaya pang'ono pa dontho lililonse. Malo amodzi anatupa ngati alumidwa ndi mavu. Dokotala anati ndi dust mite. Ine sindinamve.

Amene anandimasulira ndi achemwali athu a Tiyamike, awo akhala kutsogolowo, namwino wa kwathu amene akuchita maphunziro apamwamba a zaumoyo kuno. Anabwera kudzazonda, ndipo tinakhala pa benchi m'khonde la chipatala.

Anati, "Achimwene, ndi tizilombo tating'ono kuposa utitiri wa nkhuku, simungatione ndi maso. Sitiluma. Timakhala m'matiresi, m'mapilo, m'makapeti, n'kumadya timamba ta khungu lathu timene timayoyoka. Timakonda malo ofunda, achinyezi, opanda mphepo. Zitosi zake zimasakanikira ndi fumbi. Anthu ena akapuma fumbi limenelo sizivuta, koma ena thupi lawo limalimbana nalo, n'kufika mpaka pa mphumu."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye ndi matenda a kuno?"

Anati, "Ayi, ali dziko lonse lapansi, ndipo ndi ofala kwambiri. Kwathu ku wodi ndinkawaona, anthu n'kumati ndi chimfine chosatha, ena n'kumati alodzedwa. Ndipo ophunzira za matendawa akuopa kuti aziwonjezekabe, chifukwa anthu tikusamukira m'matauni, tikukhala m'nyumba zotsekeka, tsiku lonse m'kati, nyengo nayo ikufundirafundira. Kunyumba kwanu kuli kapeti?"

Ndinati ilipo.

"Matiresi ndi atsopano?"

Ndinati ayi.

"Mawindo mumatsegula?"

Chilichonse chimene anafunsa chinali chinthu chimene ndinachita ndi manja anga, n'kumanyadira. Mkazi wanga anandiuza poyera kuti bedi likuwadwalitsa. Ananena zoona, wopanda sukulu ya udokotala, ndipo ine ndinawanyoza.

Masana a tsiku lomwelo ndinakoka katani kuzungulira bedi lawo, n'kugwada pansi.

Ndinati, "Mayi a Pemphero, kalata ija inabwera. Ndinaitaya ndine."

Ndinkafuna akanandikalipira, koma sanatero. Kenaka anati, "Tsiku lililonse ndinkatuluka kukaona m'bokosi muja. Ndinkati mwina Chingerezi changa n'chimene chalakwitsa, mwina adilesi ndinatchula molakwika. Ndinkadziimba mlandu ine."

Ndinati, "Ndikhululukireni."

Anati, "Zaka sikisi ndinakudikirani. Anthu ankandiuza kuti mwakwatira mzungu, ine sindinawamvere. Ndinakukhulupirirani muli kutali. Inu mwalephera kundikhulupirira ndili pambali panu, mukumva ndi makutu anu chifuwa changa chikulira. Dzukani, anthu akuona mapazi anu kunsi kwa katani. Za kukhululuka musandifunse lero."

Atatuluka m'chipatala sanabwere kunyumba. Amayi abusa anawatengera kunyumba kwawo ku Swords, ndipo anakhala kumeneko masabata asanu. Ena munamva kuti akupumulako. Zoona zake n'zakuti nyumba inali yosayenera kuti alowemo, ndipo mwamuna wawo analinso chimodzimodzi.

Masabata amenewo ndinagwira ntchito ndekha. Ndinakulunga kapeti ija n'kukaitaya. Pansi pake panali fumbi lotuwa, losalala ngati ufa. Sofa inapita. Makatani anapita. Matiresi ndinawakoka ndekha mpaka panja, ndikulira ngati mwana, Mayi Doyle akundigwirira chitseko osafunsa kanthu. Ndinamatula tepi yonse ya m'mawindo. Ndinagula matiresi atsopano ndi chikuto chake cha zipi chimene tizilombo sitidutsa. Nyumba inatsala mbee, mawu akumveka ngati m'kalasi. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkawaimbira. Masiku ena ankayankha, masiku ena ayi, ndipo ndinaphunzira mmene foni yosayankhidwa imapwetekera.

Sabata lachisanu anabwera ndi amayi abusa kudzaona. Mayi a Pemphero anayenda chipinda chonse, anagwira khoma, anakhala pa bedi kanthawi, akupuma pang'onopang'ono ngati akulawa mpweya. Kenaka anati, "Kiyi wa bokosi la makalata ndipatseni." Ndinawapatsa. Anati, "Chikwama changa chili m'galimoto, katengeni."

Abale ndi alongo, Mulungu sanandilange monga mwa ntchito zanga. Akanatha kuwatenga tsiku lija, ine n'kutsala ndi bodza langa moyo wonse, n'kumakaimirira pamaso pa Pemphero kumuuza kuti mayi ake anafa ndi chifuwa. Koma anawasunga. Anatuma mayi wa khomo loyandikana pamene ine ndinakana kumva. Ndikuti zikomo Yesu.

Lero sindinena kuti anachiriratu, chifukwa ndasiya kunama. Matendawa alipo. M'mawa ndi madzulo amapopa mankhwala oteteza, ndipo ku chipatala timapita limodzi, kaya kuli shifiti kaya kulibe. Loweruka lililonse ndimachapa zofunda ndi madzi otentha kwambiri, n'kukaziumitsa ku makina, osati m'nyumba. Ndikamapukuta fumbi, iwo amapita kokayenda. Mawindo timatsegula m'mawa uliwonse ngakhale kuzizire bwanji. Anabwerera kukhitchini ya hotela ija, ndipo tsopano atha miyezi eyiti osajomba. Masiku ena amandiseka, masiku ena nkhani ija imawabwerera, amakhala phee, ndipo ine ndimadziwa kuti ndilibe ufulu wowafulumizitsa.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene amayetsemula m'mawa uliwonse, amene chifuwa chake chimalira, mwana kapena wamkulu, musamuweruze. Mumvereni, mupite naye akamuyeze.

Nditawauza kuti ndikufuna kupereka umboni, anati, "Mukanene zonse. Mukadumpha za kalata, ndiimirira ndinene ndekha." Ndiye ndanena zonse.

Chatsala chimodzi. Inu amene ndinakuuzani pa tiyi paja kuti akazi anga ndi aulesi, ndinakunamizani. Mawu amenewo ndinawanena pamaso panu, ndipo ndikuwabweza pamaso panu. Mayi a Pemphero, munandikhululukira kunyumba, tili awiri. Koma dzina lanu ndinaliipitsa muno, ndiye ndikupepesanso muno.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.